Mmene Noelene Anavomerera Chamba cha Eni Ake

Ku Mullagong, tauni yaing'ono ya alimi a nkhosa kutali ndi Sydney, anthu akafuna kupereka chitsanzo cha munthu wosachedwa pa zinthu, amatchula Noelene Prendergast. Mayiyu anaphika m'nyumba yosungirako okalamba kwa zaka zoposa 30, ndipo palibe tsiku limene chakudya chamasana chinafika patebulo 12 koloko itadutsa. Anali wamfupi, wa mikono yojintcha, woyenda ngati kumbuyo wasiya chinthu chikupserera. Kutchalitchi ankatsogola ndi mzere wathunthu poimba, moti iye akamati ameni anzake amakhala adakali pakati pa vesi. Mzere wa kubanki, mzere wa kupositi, mlaliki wobwereza mawu, zonsezi zinkamuyabwa.

Mwamuna wake Barrie sanali choncho. Anameta nkhosa kuyambira ali mnyamata mpaka msana unakana, dokotala n'kumuuzanso kuti ali ndi shuga. Ankalankhula mawu owerengeka, ndipo asanayankhe funso ankayamba wayang'ana kudenga ngati yankholo analipachika kumeneko.

Chaka chimene Noelene anakwanitsa zaka 58, anagula galimoto kwa Ida Fenwick, mayi wosakwatiwa wa zaka 84 amene analiza limba kutchalitchi kuyambira Noelene ali mtsikana. Ida anali atagwa n'kuvulala chiuno, ndipo anasamukira kunyumba ya okalamba ija. Galimoto yake inali yakale koma yosamalika, yongodziwa njira ya kutchalitchi ndi ya kugolosale.

Lachiwiri lina m'mawa Noelene akupita kuntchito, anapeza apolisi atatchinga msewu pafupi ndi msika wa nkhosa, akuuziritsa madalaivala kapaipi koyezera mowa. Anaponda buleki monga mwa chizolowezi chake, mwadzidzidzi, ndipo pansi pa mpando panatsetsereka chitini cha mabisiketi n'kudzamugunda chidendene.

Anachitola n'kupukusa mutu. Barrie ameneyu! Munthu wa shuga kumabisa mabisiketi m'galimoto ngati kamwana.

Pawindo panafika Sajeni Trevor Colless, amene mayi ake anali m'gulu la okalamba odya za m'manja mwa Noelene. Pambali pake panali wapolisi wamkazi wachilendo wochokera ku Sydney, dzina lake Haddad, yunifolomu yosita mpaka kuthwa.

"Mwadzuka bwanji, Noelene? Tauzirani apa muzipita."

Noelene anauzira. Kenaka anati, "Trevor, taona zimene ikuchita nkhalamba yanga ija. Tengani, idyani nonse awiri, asakapeze ngakhale imodzi." Anatsegula chivindikiro n'kutulutsira chitinicho pawindo.

M'chitinimo munalibe bisiketi. Munali masamba ouma, odzaza mpaka pakamwa, ndipo fungo lake linafika pamphuno za onse atatu nthawi imodzi.

Sajeni anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ananso nkhosa zimene zinali m'khola tsidya la msewu. Akanakhala yekha, mwina akanabwezera chivindikirocho n'kuyamba kukamba za mvula. Koma Haddad anali atatulutsa kale kabuku.

"Mayi, ichi ndi chamba. N'chanu?"

M'mutu mwa Noelene zinthu zinagwirizana msangamsanga, monga zinkachitira nthawi zonse. Msana wa Barrie. Tulo tabwino timene ankagona masiku amenewo. Kumwetulira kuja kopanda chifukwa, akuyang'ana galu. Anamuona mwamuna wake ataima pamaso pa woweruza, chipewa m'manja, akufunafuna yankho kudenga la khoti mpaka dzuwa kulowa.

"Galimotoyi ndi yanga," anatero.

"Ndafunsa za chambachi."

"Chili m'galimoto mwanga. Lembani zimene mukulembazo, mwana wanga, anthu 40 akudikira phala."

Chitayezedwa, chambacho chinapitirira mlingo umene apolisi amangomuchenjeza munthu n'kumusiya. Noelene analandira kalata yomuitanira kukhoti.

Khoti la Mullagong linkakhala kamodzi pa milungu iwiri, woweruza akabwera kuchokera kutauni yaikulu. Tsikulo Noelene anaika mwendo wa nkhosa mu uvuni, n'kuuza mnzake wa kukhitchini kuti abwera posachedwa. Pakhonde la khoti anapeza mzere wa anthu odikira loya wothandiza anthu mwaulere. Anawerenga mitu, inakwana 19. Anayang'ana wotchi. Dzina lake litaitanidwa, analowa yekha.

"Mayi Prendergast, mwalankhula ndi loya?" anafunsa woweruza.

"Ayi, bwana, mzere watalika."

"Mukhoza kudikira. Ndikulangizani kuti mudikire."

"Sindingathe."

"Zimene apolisi alembazi mwawerenga?"

"Ndaona kuti dzina langa alemba bwino."

"Mlanduwu mukuuvomera kapena mukuukana?"

"Ndikuuvomera."

"Pali mawu amene mukufuna kuwonjezera?"

"Nyama ndaisiya pamoto, bwana."

Woweruzayo anali ndi milandu ina 60 patebulo. Anamupeza wolakwa, anamulipiritsa chindapusa, n'kuitana wotsatira. Zonse zinatenga mphindi zinayi. Noelene anadutsa pa mzere uja monyadira, akuwamvera chisoni anthu osadziwa kufunika kwa nthawi.

Kunyumba anangomuuza Barrie kuti, "Ndathana nazo. Tisakambenso." Barrie anayang'ana kudenga n'kunena kuti, "Chabwino."

Noelene anayamba kudikira zikomo. Mlungu unatha, wachiwiri n'kuthanso. M'malo mwa zikomo, Barrie anayamba khalidwe lachilendo. Ankamubweretsera tiyi asanadzuke. Ankamufunsa ngati maondo akupweteka kwambiri, kapena ngati ntchito ikumulemera. Tsiku lina Noelene anapeza patebulo kabuku kochokera kuchipatala kolangiza anthu ofuna kusiya kusuta. Mtima unakhalako pansi: kaya zikomo alibe, koma munthu akuyesetsa kusiya.

Tauni nayo inachita zake. Nyuzipepala ya m'deralo inkasindikiza milandu yonse ya kukhoti, ndipo dzina la Noelene linakhala pakati pa woba mawaya ndi womenyana kubala. Akalowa mu butchala, mwini wake ankakweza mawu: "Patukani, afika a fodya wamkulu!" Kuntchito, nkhalamba ina yotchedwa Wal inayamba kununkhiza supu isanamwe, n'kumafunsa monong'ona ngati lero waikamo zija. Pa tsiku logulitsa makeke kutchalitchi, masikono a Noelene anatha m'mphindi khumi, ogula ake anyamata a ndevu amene sanapondepo pakhomo la tchalitchi chibadwire. Mawa lake mmodzi anabwera kudzadandaula kuti anali masikono wamba.

Zonsezi Noelene ankangozikankhira kumbali. Zinasiya kuseketsa tsiku limene Mayi Sandhu, woyang'anira nyumba ya okalamba, anamuitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Aliyense wogwira ntchito pakati pa okalamba amafunika kalata ya kupolisi yosonyeza mbiri yake, ndipo ya Noelene inali pafupi kutha nthawi. Yatsopano ikanatuluka ndi mlandu wa chamba.

"Ine ndikukudziwani, Noelene," anatero Mayi Sandhu. "Koma akuluakulu amene adzaone pepalalo ali ku Sydney. Sanadyepo chakudya chanu."

Noelene anatuluka. Anakaima m'khitchini mwake n'kuyang'ana miphika imene anaipachika yekha motsatana kukula kwake, ndipo kwa nthawi yoyamba sanadziwe choti agwire.

Masanawo anamupeza Barrie akuthirira matimati kuseri kwa nyumba.

"Ntchito ikundithera chifukwa cha iwe, koma ngakhale zikomo sunanene."

"Zikomo wa chiyani?"

"Wa chamba chako!"

Kunja kunalibe denga, choncho Barrie anayang'ana mitambo. Madzi anapitirira kuthira nsapato yake.

"Changa?" anatero pamapeto pake. "Ine ndimayesa n'chako."

"Changa ine? Zaka 36 tili pabanja, unandionapo ndi ndudu pakamwa?"

"Unavomera pamaso pa woweruza. Iwe sunama."

"Nanga tulo tija? Nanga kumwetulira galu kuja?"

"Dokotala anandisinthira mapiritsi."

"Ndiye mwezi wonsewu wakhala ukundiona ngati wosuta chamba?"

"Ndimati mwina n'chifukwa chake umathamanga chonchi."

Noelene anamulanda paipi yamadzi n'kumunyowetsa kuyambira kuchipewa mpaka kumapazi. Kenaka onse awiri anakhala pakhonde, wina akudontha, akufunsana funso limodzi: nanga n'chandani?

Yankho linabwera lokha patapita masiku atatu. Ida Fenwick anali atakhala milungu isanu ndi umodzi kuchipatala cha kutauni yaikulu, kumene anamukonza chiuno, ndipo za m'nyuzipepala sanamve. Noelene atamupititsira tiyi kuchipinda kwake, Ida anamukodola ndi chala chopindika.

"Tseka chitseko, mwana wanga. M'galimoto muja sunapezemo kachitini kanga?"

Noelene anaika thireyi pansi pang'onopang'ono.

Ida anafotokoza mosabisa, ngati akupereka njira yophikira jamu. Nyamakazi inamugwira zala zaka 15 zapitazo. Anadzala mitengo itatu kuseri kwa thanki yamadzi, ndipo Lamlungu lililonse asanapite kutchalitchi ankawiritsa masamba pang'ono mu mkaka. Posamuka anabisa chitinicho pansi pa mpando kuti mwana wa mlongo wake, amene ankamulongedzera katundu, asachione. Kenaka anaiwala.

"Unkayesa zala izi zinkaliza limba ndi mphamvu ya pemphero lokha?"

"N'chifukwa chake nyimbo zinkachedwa choncho!" anakuwa Noelene. "Zaka zonsezi anthu akhala akunena kuti wothamanga ndine!"

Atamva zimene chitini chake chinachita, Ida anakankhira kapu ya tiyi pambali. Kenaka anafunsa ngati kukhoti amaloleza kuvala chipewa.

Loya amene Noelene anapitako anali Stavros Anastasiou, bambo wadazi wa ofesi pamwamba pa famase, amene ankatafuna mtedza pomvetsera nkhani za anthu. Anayamba ndi kuwerenga masiku pakalendala. Apilo imafunika kuchitika pasanathe masiku 28, ndipo apa anali atakwana 47. Akanayenera kuyamba apempha khoti lalikulu kuti liwalole kuchedwa, asanafike n'komwe pa nkhani yeniyeni.

"Ndipo nkhani yeniyeniyo ndi yovuta," anatero. "Madzi akatayika saoleka, mayi. Khoti silikondwera ndi munthu wovomera Lolemba n'kudzakana Lachisanu."

"Koma chamba si changa. Mwini wake alipo, ali ndi chipewa chomwe."

"Zimenezo pazokha sizikwanira. Munthu wamkulu akavomera mwa kufuna kwake, ngakhale pofuna kutchinjiriza mwamuna wake, khoti limati zake zimenezo."

"Ndiye ndakwereranji masitepe onsewa?"

"Khalani pansi. Yambirani poyamba, ndipo musadumphe."

Noelene anafotokoza. Atafika pa mabisiketi, Anastasiou anasiya kutafuna.

"Munawapatsa nokha? Apolisi?"

"Ndinati adye."

"Pepala lawo silikunena zimenezo. Langoti chitini chinali m'manja mwanu." Anatsamira kutsogolo. "Kodi mukudziwa kuti munthu sangakhale wolakwa pa mlandu wosunga chinthu chimene sankadziwa kuti chilipo?"

"Kuyambira liti? Kukhitchini kwanga, a zaumoyo akapeza mphemvu safunsa ngati ndimaidziwa. Ili m'khitchini mwanga, mlandu ndi wanga."

"Mawu amenewo mukawanene chimodzimodzi kukhoti. Musakongoletse." Anatenga mtedza wina. "Chotsala n'chimene simuchikonda. Mudikire."

Anadikira miyezi inayi. Mayi Sandhu anakangana ndi a ku Sydney mpaka anamulola kugwirabe ntchito kufikira apilo itamveka. Noelene ankaimbira Anastasiou foni Lolemba lililonse, mpaka mlembi wake anayamba kuyankha kuti "Sizinafike, mayi" asanamve n'komwe moni.

Khoti lalikulu linali kutauni ina, ulendo wa maola awiri. Ida anayenera kupita pa minibasi ya nyumba ya okalamba pamodzi ndi namwino, ndipo nkhalamba zina zisanu ndi imodzi zitamva zinati minibasi siyinganyamuke ndi mipando yopanda anthu. Zinakhala pa benchi yakutsogolo ndi ndodo zawo, Wal atavala mendulo zake za usilikali.

Jaji anali mayi wowonda, magalasi kunsonga ya mphuno, wolankhula ngati mawu aliwonse akuyamba wawayeza pasikelo. Sajeni Colless anaitanidwa koyamba. Anavomera, nkhope itafiira mpaka m'makutu, kuti zoonadi mayiyo anatulutsa yekha chitini pawindo n'kuwauza kuti adye.

"Bwanji simunalembe?" anafunsa jaji.

"Ndinaona ngati palibe angakhulupirire, Olemekezeka."

Barrie anatenga nthawi yaitali kuposa onse, ngakhale analankhula mawu ochepa kuposa onse. Loya woimira boma anamufunsa ngati mkazi wake anamufunsapo za chambacho. Ayi. Nanga iye anamufunsapo mkazi wake? Ayi.

Jaji anatsitsa magalasi. "Bambo Prendergast, kodi kunyumba kwanu mumalankhulana?"

Barrie anafunafuna kudenga. "Iyeyu amalankhula," anatero.

Ida anafika pa bokosi la mboni ndi chitsulo chake choyendera, chipewa cha maluwa ofiirira chili pamutu. Asanayambe, jaji anamuchenjeza kuti sakukakamizidwa kuyankha funso lililonse limene lingamugwetse m'mavuto.

"Mwana wanga," anatero Ida, "ndili ndi zaka 84. Kumene ndimakhala zitseko amakhoma ndi ena, chakudya amandisankhira, posamba pamakhala wondiyang'anira. Mundiopseza ndi chiyani?" Anacheukira Noelene. "Ngakhale chakudyacho n'chabwino."

Loya wa boma anayesa kumupanikiza. Zingatheke bwanji munthu kuiwala chitini chodzaza chamba?

"Mukanamwako zaka 15, simukanafunsa funso limenelo."

Benchi yakutsogolo inaomba ndodo pansi, ndipo jaji anaopseza kuti awatulutsa onse.

Kenaka inafika nthawi ya Noelene. Za mphemvu ananena monga anauzidwira. Koma loya wa boma anali wakhama, ndipo anamufunsa modekha, funso ndi funso.

"Woweruza uja anakuuzani kuti mudikire loya?"

"Inde."

"Munakana?"

"Inde."

"Alipo amene anakuopsezani kapena kukukakamizani kuti muvomere?"

"Mwendo wa nkhosa."

"Munthu, mayi."

"Palibe."

"Ndiye munavomera mwa kufuna kwanu, pofuna kuteteza amuna anu."

Noelene anayang'ana Barrie, amene anakhala kumbuyo atavala suti ya paukwati wa mwana wawo, yothina m'mapewa. Mawu ake anatsika. "Ndinkafuna kumuteteza, inde. Munthuyu khoti silikanamutha, ndipo iye sakanalitha khoti. Koma sindinkaona ngati ndikunama. Ndinkakhulupirira kuti ndine wolakwa, poti galimoto ndi yanga. Wina akanandiuza kuti kusadziwa kuli ndi ntchito, ndikanakana."

"Wokuuzaniyo anali panja, kumapeto kwa mzere."

"Ndikudziwa," anatero Noelene.

Jaji anawerenga chigamulo chake kwa mphindi 40. Noelene anakhala manja ali pamiyendo, osayang'ana wotchi, ngakhale mwendo wakumanja unkagwedezeka wokha. Jaji anawalola kuchedwa kuja. Anati kuteteza mwamuna pakokha sikukanakwanira, ndipo woweruza woyamba sanalakwe chilichonse. Koma, jaji anapitiriza, zinali zoonekeratu kuti mayiyu anavomera mlandu umene sankaumvetsa, ndipo umboni unasonyeza kuti sankadziwa za m'chitinimo kufikira pamene anachitsegula pamphuno pa apolisi. Kusiya chigamulocho kukanakhala kupotoza chilungamo. Anachifafaniza, n'kumulola kubweza kuvomera kwake.

"Mayi Prendergast, munathawa mzere wa ola limodzi, ndipo mwadikira pafupifupi theka la chaka. Sindikufuna kudzakuonaninso."

"Nanenso, Olemekezeka."

Pobwerera Barrie ndiye anayendetsa. Anadutsa minda ya tirigu ola lathunthu. Kenaka Barrie anatsokomola.

"Ukanakhala kuti umasutadi, sindikanakusiya."

"Tseka pakamwa uziyendetsa," anatero Noelene. Patapita kanthawi anamufunsa ngati wamwa mapiritsi ake amasana.

Apolisi sanaupitirize mlanduwo. Ida sanamutengere kukhoti, zimene zinamukhumudwitsa kwambiri. Sajeni Colless anangobwera kudzamuchenjeza m'chipinda chochezera, okalamba onse atakoka mipando kudzaonerera, mayi ake a sajeniyo akumuuza kuti aimirire bwino polankhula ndi akulu. Pambuyo pake dokotala anamulembera Ida mafuta a chamba ovomerezeka ndi lamulo. Ida ankati ndi madzi enieni poyerekeza ndi a kuseri kwa thanki, koma ankamwa. Anamwalira patapita zaka zitatu, ali m'tulo.

Noelene anaphikabe mpaka maondo anamuuza kuti basi. Atapuma pantchito anayesa kuluka, koma ulusi unkamuchedwa. Anayesa kupita ndi Barrie kowedza nsomba, n'kubwerako yekha wapansi. Pamapeto pake anapeza pokhala: pakhonde la khoti la Mullagong, tsiku la milandu, pa benchi yoyandikana ndi chitseko. Palibe anamulemba ntchito imeneyo. Amangokhala ndi chikwama pamiyendo, ndipo akaona munthu akutuluka pa mzere wa loya kuti akalowe yekha, amatambasula mwendo n'kutchinga njira.

Tsiku lina anatchinga chibambo china chachitali, chometa nkhosa, mikono yodzaza zojambula.

"Walankhula ndi loya?"

"Palibe chifukwa, mayi. Ine changa chinali changadi. Ndinasuta ndekha."

"Sindinakufunse zimenezo. Bwerera pa mzere."

"Lole ya abwana ikundidikira."

"Idikire."

Chibambocho chinayang'ana wapolisi wa pachitseko ngati chikupempha thandizo. Wapolisiyo anali Haddad, amene tsopano anali sajeni, ndipo anangokweza mapewa. Munthuyo anabwerera kukaima kumbuyo kwa anthu khumi ndi awiri, akung'ung'udza.